Maungu, mbatata ndi mfutso: kuphika za masika mwera usanatseke nyanja

Mukadzuka m'mawa wina chakumapeto kwa Epulo n'kumva mafunde akumenya gombe mwaukali kuposa dzulo, dziwani kuti mwera wayandikira. Ife a kuno ku Chintheche timaumva ndi makutu tisanauone ndi maso. Ukakhazikika, kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti, pamakhala masiku ambiri amene asodzi amangokokera mabwato kumtunda n'kukhala pamchenga kusoka chilimira. Mathandala oyanikapo usipa amakhala pululu. Kambale kamene munkagula mosavuta mu Malichi kamachepa, mtengo wake n'kukwera, ndipo nsomba ya batala mumangoimva dzina.

Nthawi yomweyonso kumunda zinthu zimakhala mbwee. Maungu ali ngundangunda pansi pa masamba, mbatata yang'amba mizere, chitambe chayanga paliponse, mapeyala akugwa okha usiku pamalata, magwafa ana atopa nawo. Awa ndiye masika. Vuto lake ndi loti sachedwa kutha. Pakapita masabata owerengeka, zambiri zimakhala zitaola kapena zitapita ndi mavenda a ku Mzuzu pamtengo wozizira. Ndiye ndikufuna tikambirane, makamaka inu amayi achitsikana amene mwangoyamba kumene banja, komanso inu aphunzitsi ndi anamwino amene mwabwera kuno pantchito, za kuphika bwino zimene zilipo lero ndi kusungako zina, kuti mwera ukatseka nyanja nsima isasowe ndiwo.

Ife amene tinaona zaka zapakati pa m'ma 1980 sitiiwala kodikodi. Tizilombo timeneti tinalowa m'minda ya chinangwa m'boma lino la Nkhata Bay, nsonga za chinangwa n'kupindikana ngati nkhonya, pansi osaika kanthu. Makomo amene ankadalira kondowole yekha anaona zakuda. Amene anali ndi kamunda ka mbatata, maungu m'mizere ya chimanga, nthochi kuseri kwa nyumba ndi mfutso padenga anapumako. Kuyambira pamenepo ine sindilola dzungu kuolera m'munda.

Tiyambe ndi dzungu lomwelo. Lokhwima limadziwika ndi kaphesi kake, kamakhala kouma ndi kolimba ngati mtengo. Kanikizani chikhadabo pakhungu lake. Chikalowa mosavuta, dzungulo ndi lanthete, lidzakhala lamadzi ndipo silisungika. Ligogodeninso ndi chala, lokhwima limalira ngati kang'oma. Pothyola kapena pogula musankhe lokhala ndi kaphesi, ndipo musalinyamulire kukaphesiko, chifukwa kakathothoka kuola kumayambira pomwepo.

Ambiri amalakwitsa pa madzi. Amathira madzi ngati akuphika nyemba, dzungu n'kumwa madziwo, kukoma konse n'kutsalira mumphika. Dzungu limapsa ndi nthunzi. Litsukeni kaye kunja, kenako lidulemo zibenthu zazikulu ngati chikhatho, muchotse nthanga ndi matumbo ake koma nthangazo muziike pambali. Pansi pa mphika yalani timitengo toyera kapena tizidutswa ta mapesi a chimanga. Thirani madzi okwana kapu imodzi ndi theka, asapitirire timitengoto. Sanjani zibenthuzo khungu lili kumwamba kuti madzi asadikhe m'kati mwake, wazani kamchere pang'ono, funditsani tsamba la nthochi lotsuka bwino, kenako vundikirani. Pamoto wapakatikati zimatenga mphindi 25 kapena 30. Osavundukulavundukula. Fungo likadzaza m'khitchini, bayani ndi kamtengo, kakalowa mosakakamiza phulani. Dzungu limodzi lalikulu limakwana banja la anthu asanu ndi mmodzi m'mawa, ndipo pamsika mtengo wake nthawi ino sufika pa wa buledi wokwana anthu omwewo.

Zibenthu zotsala musazisiye kuti zigone. Kokotani mnofu wake, muupote ndi mthiko, muusakanize m'phala la mgaiwa limene latsala pang'ono kupsa, muthiremo masupuni awiri a nsinjiro, liwire mphindi zina zisanu. Phala lotere silifuna shuga. Mwana amene wakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi n'kuyamba kudya amalilandira bwino, nawonso agogo amene mano anatha amalikonda.

Nthanga zija zitsukeni, muziyanike palichero masiku awiri kapena atatu. Zosankha bwino, zochokera m'dzungu limene linakukomerani, sungani za mbewu. Zinazo kazingani mu chiwaya chopanda mafuta, zikayamba kuthetheka wazani madzi amchere pang'ono n'kupitiriza kutakasa mpaka ziume. Ana amatafuna popita kusukulu. Mukazisinja n'kusefa mumapeza ufa wotendera ndiwo ngati nsinjiro. Maungu amene simudya msanga asanjeni pansanja pamthunzi, podutsa mphepo, asagundane, asakhudze pansi. Kuno pansi pamachita chinyontho, dzungu logona pasimenti kapena padothi limayamba kuola kumimba inu mukuona pamwamba pali bwinobwino. Okhwima bwino amatha miyezi iwiri kapena itatu. Muziwatembenuza sabata iliyonse, limene layamba banga lidyedwe tsiku lomwelo.

Tsopano nsinjiro, chifukwa pafupifupi zonse zimene nditchule zimatsamira pa iyo. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira m'makomo ambiri akhala chinthu choyeza ndi kasupuni. Mtedza ndiwo mafuta athu, ndipo masika ano ndi pamene umatsika mtengo. Ngati muli ndi kandalama, gulani tsopano wosasenda, muuyanike mpaka uzilira khochokhocho mukaugwedeza, muusunge ndi makoko ake. Posenda musauwaze madzi kuti makoko afewe. Ambiri amatero kuti zala zisapweteke, koma chinyontho chimenecho ndicho chimaitana chuku. Chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo sachoka ngakhale muphike motani. Choncho khalani pansi ndi lichero musankhe. Wonyala, wakuda, wobooka, wowawa, tayani. Musaupatse nkhuku, musaukazingire ana poganiza kuti moto uchotsa. Posinja, mtedza wa mafuta ambiri ngati CG7 suchedwa kusanduka chiponde. Sinjani pang'onopang'ono mukusefa, ndipo ukayamba kumata mumtondo thiranimo supuni imodzi ya ufa. Sinjani yokwanira masiku atatu okha, chifukwa nsinjiro ikakhalitsa imanunkha.

Nkhwani wa masika amakhala atayamba kukhwima, ndiye thyolani wa kunsonga, masamba atatu kapena anayi omaliza, pamodzi ndi chiluwe ndi tiana ta maungu timene sitikulanso. Sadzulani bwino, tsinde ndi kuseri kwa tsamba, mitsitsi yonse ichoke. Tsukani musanadule, kawiri kapena katatu, pakuti kuno mchenga umalowa paliponse. Mukatsuka mutadula kale, zofunika m'thupi zimapita ndi madzi. Pamoto ikani madzi theka la kapu ndi mchere, akawira ikani nkhwani wodzaza manja awiri kawiri, tomato awiri odula pamwamba, vundikirani mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri. Kenako wazani nsinjiro theka la kapu pamwamba, osatakasa, vundikiraninso mphindi zitatu kuti inyowe ndi nthunzi. Mukatero takasani, chepetsani moto, ziwire pang'onopang'ono mphindi zina zisanu mpaka fungo la mtedza wauwisi lithe. Nsinjiro yosapsa imatsegula m'mimba, ndipo yothira madzi ali ambiri imachita mibulu. Ntchito yonse, kuyambira kusadzula, ndi theka la ola. Ngati nkhwani ndi mtedza ndi za m'munda mwanu, chogula ndi tomato ndi mchere basi.

Za soda ndinene poyera. Ndikudziwa kuti amafewetsa masamba msanga n'kuwasiya obiriwira, ndipo therere lopanda soda kapena chidulo silioneka therere. Koma soda amapha mavitamini ena a m'masamba. Nkhwani wanthete, bonongwe ndi kholowa safuna soda konse. Musungireni therere, ndipo ngakhale pamenepo kansonga ka supuni n'kokwana.

Mbatata ya masika ndi imene imagwira banja m'mawa wa mwera, ana akunjenjemera popita kusukulu. Ngati mungathe, pezani yofiira m'kati. Alangizi a zaulimi akhala akufalitsa mitundu monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira, Mathuthu ndi Anaakwanire, ndipo ubwino wake ndi vitamini A, amene amathandiza maso ndi kulimbitsa thupi la mwana ku matenda. Vitamini ameneyu amalowa bwino m'thupi pakakhala kamafuta, n'chifukwa chake futali ndiye kaphikidwe koyenera mbatata yotere. Sendani mbatata zisanu ndi imodzi zapakatikati, muzidule zidutswa zofanana, zikhale m'madzi pamene mukusenda zina kuti zisade. Ikani mumphika ndi madzi kapu imodzi ndi mchere, vundikirani. Yoyera m'kati imatenga mphindi 20, yofiira imafewa msanga ndipo imatulutsa madzi akeake, choncho iyang'aneni pakatha mphindi 15. Ikafewa koma isanaphwanyike, thirani nsinjiro kapu imodzi, vundikirani mphindi zochepa, kenako tembenuzani mofatsa ndi mthiko. Chepetsani moto kwambiri, apa ndi pamene futali amapserera pansi. Pakatha mphindi khumi wapsa. Dzungu laufa kapena chinangwa chosawawa mumaphika chimodzimodzi. Mbatata imene yabooledwa ndi nankafumbwe imawawa, ndipo kachidutswa kamodzi kamaononga mphika wonse, ndiye dulani mowolowa manja pochotsa poipapo.

Yosunga ikani m'nkhuti. Kumbani pamalo okwera, pamthunzi, posadikha madzi. Musakumbe kufupi ndi dambo kapena kumchenga wa kugombe. Sankhani mbatata yopanda bala la khasu, muisiye pamthunzi masiku awiri kuti khungu lilimbe, ndipo musaitsuke. Yalani udzu wouma pansi, sanjani mbatata, wazani phulusa lozizira, sanjaninso ina, mpaka dzenje lidzaze, kenako udzu ndi dothi pamwamba, ndi kadenga koteteza mvula yotsalira. Masamba ake, kholowa, ndi ndiwo imene siitha msanga ngati nkhwani. Akafota pang'ono padzuwa kwa ola limodzi saterera kwambiri. Aphikeni mphindi khumi ndi tomato ndi anyezi, osathira madzi ambiri.

Chigwada sindingachidumphe, ndiwo ya kwathu, imene imapezeka ngakhale zina zonse zitauma. Koma inu obwera kumene mvetserani bwino apa. Chinangwa chili ndi poizoni wachilengedwe. Mitundu yowawa monga Gomani, Sauti ndi Mkondezi, umene unatenga dzina la malo ofufuzira zaulimi a Mkondezi m'boma lathu lino, ili ndi wambiri. Mbundumali, amene ena amati Manyokola, ali ndi wochepa m'mizu. Koma masamba, kaya ndi a mtundu uti, ali naye ndithu. Thyolani anthete a kunsonga, chotsani timapesi, tsukani, sinjani mumtondo mpaka asalale, pasaoneke tsamba lathunthu. Kusinjako si kofewetsa kokha ayi, ndi kumene kumatsegulira poizoni njira yotulukira. Ikani m'madzi owira okwanira kumiza chigwadacho, chiwire chosavundikira kwa theka la ola kapena kuposerapo, kuti poizoniyo atuluke ndi nthunzi. Phikirani podutsa mphepo. Fungo lakuthwa lija likatha ndipo madzi atsala pang'ono, ikani anyezi, tomato, mchere ndi nsinjiro, chipsenso mphindi khumi. Chigwada sachita nacho changu. Patulani ola lathunthu, ndipo musalawitse mwana chisanapse.

Chimodzimodzi kondowole. Nyengo yotentha chinangwa chovuika chimafewa pamasiku atatu, koma mwera ukayamba madzi amazizira, chimafuna masiku anayi, asanu, nthawi zina kuposa. Musawerenge masiku, finyani ndi dzanja. Chikaphwanyika chokha mpaka pamtima, chavunda. Pakatsala polimba, chibwezereni m'madzi. Ku Nampula m'dziko la Mozambique, chilala cha mu 1981 chinachititsa anthu kudya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira, ndipo ambiri, makamaka amayi ndi ana, anagwidwa ndi matenda a konzo, opuwalitsa miyendo osachiranso. Wina akadya kondowole n'kuyamba chizungulire, mutu ndi kusanza, thamangirani naye kuchipatala, ndipo ufa umenewo musauphikenso.

Usipa ukachepa, luso ndi kuutambasula. Kambale kamodzi ka usipa wouma kangathe kukwana banja lonse mukakaphatikiza ndi chidede. Chotsani mitu ngati mukufuna, tsukani m'madzi ofunda kuti mchenga uchoke, kazingani pang'ono, ikani tomato ndi anyezi, kenako masamba a chidede odzaza dzanja limodzi ndi madzi pang'ono. Mphindi 15 zakwana. Kuwawasa kwa chidede kumadula fungo la nsomba ndipo kumayenda bwino ndi kondowole. Mitu ija musataye. Ikazingeni iume, muisinje pamodzi ndi usipa wophwanyika wa pansi pa thumba, musefe, musunge m'botolo louma. Supuni imodzi ya ufa umenewu m'nkhwani kapena m'phala la mwana imachita zambiri. Zofiira za chidede zimene zimakhwima nyengo ino ziwiritseni, dzanja limodzi m'malita awiri a madzi kwa mphindi khumi, musefe, muziziritse. Ndi chakumwa chabwino kuposa zogula za m'mabotolo, ndipo zotsala mukaziyanika zimasungika chaka.

Zonsezi zimadya nkhuni, ndipo nkhuni za mu Epulo zimakhala zonyowa. Ngati pakhomo panu palibe mbaula ya Changu Changu Moto, imene bungwe la Ripple Africa lafalitsa m'midzi yambiri ya kuno, kaoneni kwa anansi momwe anamangira. Ndi ya njerwa zosawotcha ndi dothi, ili ndi malo a miphika iwiri, ndipo imayaka ndi tinthambi. Chigwada chikuwira uku, futali akupsa uko.

Zipatso tsopano. Choyamba ndi madzi otsukira. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 sanatilambalale ife a m'mbali mwa nyanja, ndipo tinaphunzira mowawa. Chipatso chilichonse, makamaka chotola pansi, chitsukidwe ndi madzi a pamjigo kapena othira klorini, osati otunga m'mphepete mwa nyanja.

Peyala silipsa lili mumtengo. Thyolani lokhwima, limene khungu lasiya kunyezimira, ndipo musagwedeze mtengo, chifukwa logwa pansi limada m'kati pamene linamenyeka. Kuti lipse msanga liikeni m'thumba la pepala kapena m'dengu pamodzi ndi nthochi yakupsa, pamasiku atatu kapena anayi lafewa. Musaliike mu jumbo yomanga, limachita thukuta n'kuola. Lipoteni ndi foloko, kamchere ndi madontho a ndimu kuti lisade, mupake pabuledi m'malo mwa majarini, kapena mudyere mbatata yowotcha. M'phala la mwana liikeni mutaphula kale. Peyala likawira pamoto limawawa.

Magwafa ndiye chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lakupsa kwambiri, lofewa ndi lonunkhira, nthawi zambiri limakhala ndi mphutsi. Phunzitsani ana kulibenthula asanalume. Koma musawanyoze chifukwa choti amamera okha m'tchire. Gwafa lili ndi vitamini C wambiri kuposa lalanje, ndipo vitamini ameneyu amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba, amene amawonjezera magazi. Choncho gwafa, lalanje kapena nachesi mudye mukangomaliza nsima ya masamba, tiyi mumwe nthawi ina, pakuti tiyi amatsekereza ayironiyo. Amayi oyembekezera, izi ndi zanu makamaka. Akachuluka, dulani magwafa 20, muwiritse ndi madzi ongowamiza kwa mphindi 15, muwapote, muwasefe kuti njere zitsale. Phala limene latulukalo mukalisungunula ndi madzi owiritsa ndi juwisi wa tsiku lomwelo. Mukafuna jamu, pa makapu anayi a phalalo ikani makapu atatu a shuga ndi madzi a ndimu imodzi, muwiritse mukutakasa kwa mphindi 30 kapena 40. Donthezani pang'ono pambale yozizira, akagwirana osayenderera wapsa. Thirani ali wotentha m'mabotolo agalasi amene mwawawiritsa mphindi khumi pamodzi ndi zotsekera zake. Ndalama yonse ili pa shuga, kupitirira theka la paketi ya kilogalamu imodzi, ndipo mupeza mabotolo atatu apakatikati. Musachepetse shuga pofuna kupulumutsa, jamuyo adzachita chuku pasanathe sabata ziwiri. Ngati shuga wavuta, jamu musiyeni, magwafa adyedwe momwemo.

Nthochi zinali zambiri kuno kale, matenda a chisaka asanafalikire m'mbali mwa nyanja kuyambira m'zaka za m'ma 1990 n'kupululutsa kabuthu. Ndiye mkoko ukapsa wonse nthawi imodzi, pasatayike ngakhale imodzi. Zakupsa kwambiri, zimene khungu lada, potani zinayi ndi kapu imodzi ya mgaiwa ndi kamchere. Mukakazinga m'mafuta ndi zitumbuwa, koma zimamwa mafuta ambiri. Njira yosaboola m'thumba ndi kukulunga phalalo m'masamba a nthochi owaula pamoto, n'kuliphika ndi nthunzi monga tinachitira dzungu, kwa mphindi 40. Zaziwisi ziphikeni ngati mbalagha ya anzathu a ku Karonga, ndi nyama ikapezeka, kapena ndi nsomba youma ndi nsinjiro. Pakani mafuta pang'ono m'manja musanasende, utomoni wake suchoka msanga.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse kuposa zonse ndi mfutso, ndipo kuno kufutsa n'kovutirapo kusiyana ndi ku Lilongwe kapena ku Kasungu. Kumeneko mvula imasiya kumapeto kwa Malichi, dzuwa n'kuwala. Kuno Epulo ndi mwezi wa mvula yambiri, ina imadontha mpaka mu Meyi. Chaka changa choyamba m'banja ndinafutsa nkhwani chidebe chathunthu, n'kumuunjika mochindikala pamkeka umodzi. Masana kunagwa mvula, ndinangopinda mkekawo n'kulowetsa m'nyumba. M'mawa mwake kunachita mitambo, tsiku linalo chimodzimodzi. Nditafunyulula ndinapeza zoyera ngati thonje zitayanga ponseponse, fungo lake la chinthu chovunda. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndinali nditathyola masamba a m'munda wonse. Apongozi anga sanandikalipire. Ananditengera kumunda kwawo, tinathyola chitambe, ndipo anandionetsa kuyambira pachiyambi. Zimene ndikukuuzanizi ndi zomwezo.

Yang'anani kumwamba kaye. Dikirani mpaka muone masiku awiri otsatizana opanda mvula, kamphepo kakummwera katayamba kuuzira. Mwera womwewo umene umatilanda nsomba ndiwo umaumitsa mfutso bwino. Koma musadikire mpaka masamba achite chikasu. Ngati mvula ikuchedwa kusiya, futsani pang'onopang'ono, lichero limodzi kapena awiri patsiku, zoti mungathe kuthawitsa ndi kuyanika pamwamba pa moto kukada. Chitambe ndicho chosavuta, chimauma msanga ndipo chimasunga kukoma. Khwanya, nkhwani, bonongwe ndi chisoso nazonso zimafutsika. Thyolani m'mamawa mame atangouma, sankhani, tsukani, sadzulani zofunika kusadzula.

Wiritsani madzi ambiri mumphika waukulu ndi mchere supuni imodzi. Akawira kwambiri, ikani masamba ochepa, oti madzi asasiye kuwira nthawi yaitali. Muwerenge mphindi ziwiri kapena zitatu basi, masamba akangofota n'kubiriwira kwambiri vuulani. Cholinga si kuphika ayi. Kuviika m'madzi owiraku kumaletsa masamba kuda ndi kutha fungo pamene akusungidwa. Mukawasiya nthawi yaitali amaphwanyika, n'kuuma ngati chikopa, ndipo zabwino zonse zimatsala m'madzi. Akhetseni palichero, muwamwaze mopyapyala pamkeka woyera, tsamba lisasanjikizane ndi linzake. Mkekawo ukhale pathandala, osati pansi, chifukwa cha mchenga, nkhuku ndi mbuzi. Thandala la usipa musaligwiritse ntchito, mfutso umatenga fungo ndipo ntchentche zimazolowera pamenepo. Malo abwino ndi a mthunzi wopepuka podutsa mphepo, monga pakhonde. Dzuwa lamphamvu limaumitsa msanga koma limachotsa mtundu ndi mavitamini ena. Ngati kunja kuli chinyontho, dzuwa lomwelo ndi labwino kuposa chuku. Tembenuzani kawiri patsiku, ndipo dzuwa likapendeka lowetsani m'nyumba osapinda mkeka, chifukwa mame a kunyanja amabweza ntchito ya tsiku lonse.

Pamasiku awiri, atatu kapena anayi ziuma. Finyani m'dzanja. Zikaphwanyika n'kulira tsekeretsekere zauma, zikangopindika zibwezereni. Musadabwe kuti chidebe chodzaza masamba chatsala mbale imodzi, ndi momwe zimakhalira, ndipo mbale imeneyo ndi ndiwo za masiku angapo. Makolo athu ankamanga chikwatu ndi masamba a msuku n'kuchipachika pamwamba pa moto, pomwe utsi umathamangitsa tizilombo. Njira imeneyo ikadali yabwino. Apo ayi, ikani m'chidebe chouma chotseka bwino, chikhale pamwamba, kutali ndi khoma lonyowa. Mwezi uliwonse tsegulani mununkhize, muyanikenso kwa theka la tsiku. Chogula pantchito yonseyi ndi mchere. Chimene imafuna ndi mtolo umodzi wa nkhuni, m'mawa umodzi wathunthu, ndi munthu wokhala pakhomo woyang'ana mitambo. Tomato akatsika mtengo, pamene magalimoto a ku Jenda abwera odzaza, muduleni mopyapyala, mumuwaze mchere, mumuyanike padzuwa masiku anayi kapena asanu, asungidwe m'botolo lakelake.

Tsiku lophika likadzafika, kaya mu Julayi nyanja itakwiya, kaya mu Okutobala kumunda kuli gwaa, tapani mfutso wodzaza manja awiri. Uviikeni m'madzi ofunda mphindi 20, muutikite pang'ono, kenako muuvuule ndi manja m'malo mokhuthula madziwo, kuti mchenga utsalire pansi pa beseni. Ikani pamoto ndi madzi atsopano kapu imodzi ndi theka, uwire mphindi 20 mpaka ufewe. Lawani musanathire mchere, pakuti wina unalowa kale pofutsa. Ikani tomato, wamuwisi kapena wouma uja, supuni ya ufa wa usipa ngati ulipo, kenako nsinjiro theka la kapu, moto wochepa, mphindi khumi. Pamenepo tengani mthiko muyambe kuvundula kondowole.